Tinamuphunzitsa kachasu kuti akhale mwamuna

Aphungu,

Ndili ndi mlongo wanga Timoteyo, wa zaka 17, ali Fomu 3. Chaka chatha m'mudzi munayamba manong'onong'o akuti iye ndi mnyamata mnzake, Mwai, akukondana. Mayi atamupanikiza sanakane. Anangoti, "Amayi, mtima wanga suli kwa atsikana."

Amalume athu a Boniface anati vuto ndi kukulira pakati pa akazi, poti bambo anamwalira iye ali khanda. Inali nyengo yosankha fodya, ndiye anamutengera kuchigafa kwawo kuti azikhala ndi amuna anzake. Kumeneko ntchito imayenda ndi kachasu. Tsiku limene anabwera akudzandira mayi anaseka, inenso ndinaseka. Tinati mwana wayamba kukhwima.

Fodya anagulitsidwa kalekale, koma Timoteyo sanasiye, wawonjezanso chamba. M'mawa manja amanjenjemera mpaka apeze kakumwa. Kusukulu amapita mwa apo ndi apo. Sabata yatha akabaza anamutola m'ngalande, matope mpaka m'kamwa. Nditamukalipira anandiyankha kuti, "Achemwali, ndikaledzera m'pamene pakhomo pano mumandiona ngati munthu. Ndiye ndisiyirenji?"

Mtima ukundipweteka, ndipo ndikuopa kuti timuika m'manda. Ndichite bwanji?

E.B., Chiosya, Mchinji

E.B.,

Pepani mwanawe, koma sindikunyengererani. Amalume anuwo anathamangira kuchiza matenda amene kunalibe, ndipo mankhwala awo ndiwo adwalitsa mwana. Kachasu sanasinthepo mtima wa munthu, amangomaliza chiwindi.

Madzi akatayika saoleka, koma Timoteyo akadali moyo. Mupezeni m'mawa asanamwe, muli awiriwiri. Musayambe ndi nkhani ya mowa. Mupepeseni kaye, ndipo mumuuze mosapita m'mbali kuti ndi mlongo wanu monga momwe alili, ataledzera kapena ayi. Mwina sakukhulupirirani tsiku loyamba. Mudzabwerezenso.

Kenaka mupite naye kuchipatala cha pa boma. Kunjenjemerako kukusonyeza kuti thupi lazolowera, choncho musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe, akhoza kukomoka. Achipatala ndiwo akuuzeni kasiyidwe kake. Kumeneko munene za mowa ndi chamba basi. Nkhani ya Mwai ndi yake, anena yekha akafuna, chifukwa malamulo athu ndi pakamwa pa anthu sizinafewe pa nkhani imeneyi.

Mayi mukhale nawo pansi, muwauze mawu amene mwanayo anakuyankhani aja. Amalume muwauze mwaulemu kuti kuchigafa mwanayo sabweranso. Akakwiya, akwiye. Mukawaonenso ahedi kuti malo ake kusukulu asatayike.

Chenjezo langa nali. Wina pabanjapo abwera ndi mankhwala achiwiri, kumupezera mtsikana kapena kumukokera kumapemphero okakamiza. Mukane, ngakhale mutsale nokha. Mwana ameneyu anamvera kale malangizo a akuluakulu kamodzi, ndipo anamutola m'ngalande. Kachiwiri akabaza akhoza kudzachedwa.