Khonde la ku Lilongwe

Lachisanu, Julayi. Kwazizira kuno ku Chongoni, ndipo tsiku lonse ndasoka chigamba chimodzi chokha.

Kunabwera a Filipo, anzanga amene tinaphunzira limodzi utelala. Akuti chisamukire likulu ku Lilongwe, makalaliki amachita kulimbirana masuti, nsalu amagula pafupi, ndipo khonde loyandikana ndi lawo lilibe telala. Andisungira khondelo mpaka Lolemba.

Ndinapita kwa amalume a mkazi wanga kukapempha chitengwa, kuti ndipite naye. Anandiyankha akutong'ola chimanga, osandiyang'ana: "Akamwini, munabwera ndi makina okha. Nyamulani makinawo. Mbumba yanga sichoka pano."

Mkazi wanga anangowerama. Ali ndi pakati.

Makina ndawathira mafuta, ndawafunditsa nsalu. Sindikudziwa ngati ndikuwakonzera ulendo kapena maliro.