Masamu a Major Tavira

Lachiwiri, 9 Juni 2020

Ummy, 10:02: malume mwadzuka bwj? thupi likutenthabe?

Malume Selemani, 10:09: Ndadzuka mwana wanga. 38.1. Chakudya chikungomveka ngati ndikutafuna katoni. Ku isolation kuno atiika awiri m'chipinda, ine ndi Mzambia wina, Nason. Zenera linayang'ana khoma.

Ummy, 10:10: pepani. oxygen?

Malume Selemani, 10:12: 95. Usauze mayi ako kuti ndi corona.

Ummy, 10:13: ndinawauza kale 🙈 series ndinakutumizirani ija mwayamba? ya asilikali a mu spaceship

Malume Selemani, 10:20: Ndili pa episode 4. Koma mayi uja Tavira ndi ndani kwenikweni? Ena akumuitana Major, ena Doctor.

Ummy, 10:21: zonse ndi zake. msilikali komanso scientist. injini ikafa amakonza ndi iye, adani akabwera mfuti amayamba kunyamula ndi iye

Malume Selemani, 10:24: Msilikali wanji wopereka saluti alibe chipewa. Kwathu akanamugubuduza m'matope.

Ummy, 10:25: 😂 zaka 20 za usilikali sizikukuchokani. break yatha, ndabwerera pa till

Lachinayi, 11 Juni

Malume Selemani, 13:40: 📷

Ummy, 14:05: ndi chani ichi? mwalemba pa bokosi la mankhwala?

Malume Selemani, 14:08: Episode 6, mphindi ya 31. Major akulemba masamu pagalasi kuti chombo chizizungulira pulaneti ija. Ndinaimitsa filimu n'kukopera. Wasiya minus pamzere wachitatu.

Ummy, 14:09: ndiye?

Malume Selemani, 14:13: Popanda minus chombo sichingazungulire. Chingodutsa n'kumapita osabwerera. Kwinaku wakhoza, mayiyu mutu ulipo.

Ummy, 14:14: mukunena zoona kapena ndi fever

Ummy, 17:52: malume. chithunzi chija ndamuonetsa sameer, engineer wa pa 3rd floor amagula mkaka mu shop mwathu uja. wachiyang'ana nthawi yaitali magalasi mpaka kuchita nthunzi ndi mask. akuti mwalondola. wafunsa kuti mumaphunzitsa university iti

Ummy, 17:53: ndamuuza kuti mumayendetsa basi ya ma cleaner ku camp ya antchito ochokera kunja ku sonapur. waseka, amayesa ndikucheza

Ummy, 17:58: munaziphunzira kuti zimenezi?

Ummy, 18:30: ndikuona kuti mwawerenga

Malume Selemani, 18:47: Episode 7 ndi yabwino. Major wakana lamulo la Colonel.

Lachisanu, 12 Juni

Ummy, 09:15: ndalankhula ndi amayi. ndawafunsa kuti achimwene anu anaphunzira kuti masamu a nyenyezi. akuti funsa eni ake, kenako akuti network ya ku ntaja yavuta. network inali bwinobwino

Malume Selemani, 09:31: 🎤 0:19

Ummy, 09:33: simunandiyankhe, mwangoti ndisiye zakale. ndipo mukupuma bwanji choncho? mukumadula mawu pakati. oxygen?

Malume Selemani, 09:40: 92. Palibe kanthu. Ndiuze, Major uja anayamba chiti, sukulu kapena usilikali?

Ummy, 09:42: amanena mu season 2. anamaliza PhD kaye kenako analowa usilikali chifukwa chombo chinali cha asilikali okha

Malume Selemani, 09:50: Anamaliza kaye. Chabwino.

Loweruka, 13 Juni

Ummy, 08:04: mwadzuka?

Ummy, 09:30: malume

Ummy, 11:12: 📞 sanayankhe

Ummy, 11:13: 📞 sanayankhe

Malume Selemani, 11:46: Sister ni Nason uyu, wa mu room. Ba uncle babatenga na ambulance m'mawa, oxygen inafika 86. Foni banaisiya pa bed, manje nizayipasa supervisor apeleke ku chipatala.

Ummy, 11:47: ya Allah. amalankhula?

Malume Selemani, 11:50: Ee, pang'ono chabe. Banali kuuza nurse ati musataye ma box yanga. Balemba ma box yonse ya mankhwala, na yanga. Nasunga.

Ummy, 11:51: shukran ba nason. musataye ngakhale limodzi

Lolemba, 15 Juni

Ummy, 07:20: sindikudziwa ngati foni yakufikani. amayi akusala kudya, akuti mpaka mutuluke

Lachitatu, 17 Juni

Ummy, 12:35: ndabwereza episode 6. ndaima pa galasi lija mphindi 10, sindikuona kanthu. ndikungoona mizere. inu mumaona chani mmenemo

Ummy, 12:36: zaka zonsezi mumandifunsa za report yanga ya sukulu, ine sindinakufunsenipo kanthu

Loweruka, 20 Juni

Malume Selemani, 15:02: Ndilipo mwana wanga. Andichotsa chipaipi chachikulu, chatsala cha m'mphuno.

Ummy, 15:02: alhamdulillah 😭😭

Ummy, 15:03: musalembe zambiri, pumani

Malume Selemani, 15:19: Ndapuma zokwana. Wafunsa kuti ndimaona chiyani. Ndimaona njira. Chinthu chisanaponyedwe n'komwe, pepala limakhala litakuuza kale kumene chikagwere. Ndinali ndi zaka 19 pamene ndinaziona koyamba, ndinaiwala kudya tsiku lonse.

Malume Selemani, 15:26: Ndinali ku koleji. Physics, chaka chachiwiri. M'mudzi monse ndinapitako ndekha. Mu 1994 agogo ako aamuna anamwalira. Mayi ako anali oyembekezera, bambo ako atapita ku Joni osatumiza ngakhale kalata. Panyumba panali anthu asanu ndi awiri, wamkulu ine. Asilikali amalemba anthu paboma, ndinathamanga pabwalo, ananditenga.

Ummy, 15:31: oyembekezera ine

Malume Selemani, 15:33: Iweyo. Unabadwa ndili ku training. Ndinakuona koyamba uli ndi miyezi isanu, unandilira chifukwa cha mpala.

Malume Selemani, 15:36: Mayi ako amadziimba mlandu mpaka lero, n'chifukwa chake sitinakuuze. Iye sanandipemphe. Ndinalongedza ndekha.

Ummy, 15:44: ndalowa mu store room, supervisor asandione nkhope

Ummy, 15:52: ndifunse chimodzi chomaliza, mundiuze zoona. mukamamuona major ali ndi zonse ziwiri, mumadandaula?

Malume Selemani, 16:20: Masiku ena, inde.

Malume Selemani, 16:21: Lero ayi.