Mawu Apansi pa Chithunzi cha Abambo

Bantul,
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali Kinasih,

Ndikudziwa kuti mukaona kalata yapapepala muganiza kuti ndapenga kapena ndikufuna ndalama. Sindinapenge, ndipo ndalama sindikupempha, ngakhale mutatumiza sindingabweze. Ndalemba chifukwa pafoni ndimadziwa kusalaza mawu, ndipo inu mumakhala mutatopa ndi kusamalira nkhalamba ya eni ake ku Taichung kumeneko, ndiye mumangokhulupirira.

Amayi ali bwino kupatula bondo lija. Njiwa ya Abambo ikadali m'khola lake pakhonde, ikudya ngati nduna.

Digiri yanga ija munkati ndi yophunzira kuonera kanema yabereka tsopano. Gentur, mnzanga wa ku koleji, anapeza kandalama kojambulira filimu. Anandipatsa malamulo tikumwa tiyi pamsewu: "Jo, nyumba imodzi, anthu atatu, masiku asanu. Usalembe chipatala, usalembe galimoto, usalembe mvula. Wina akafuna kufa, afere pomwe wakhalapo."

Ndinamaliza kulemba m'masiku atatu, Gentur mpaka ananditcha katswiri. Sanadziwe kuti nkhaniyo ndinali nditaipeka kale, pafoni, tsiku lomwe tinaika Abambo m'manda.

Mukuikumbukira. Abambo ali pampando wawo pakhonde, ine ndawagwira dzanja, akuyang'ana denga lomwe munawamangira, nkunena kuti, "Ukamuuze Kinasih kuti denga lake silinadonthepo, ndagona pouma. Asadziimbe mlandu chifukwa chokhala kutali."

Tinajambulira kunyumba kwathu komweko poti nkwaulere, Amayi nkumaphikira gulu lonse. Mbali ya Abambo anasewera a Harjiman, mkulu wina yemwe wakalambira pa zisudzo za m'midzi. Tinawaveka malaya a Abambo ndi wotchi yawo ija yothamanga ndi ola lathunthu, yomwe ankakana kuti tikakonzetse. Tsiku loyamba Amayi anawabweretsera tiyi wa masupuni atatu a shuga, monga ankamwera Abambo, osawafunsa, kenako anaima kanthawi ali ndi mbale m'manja nkubwerera kukhitchini.

Tsiku lachitatu tinafika pa imfayo. Tinajambula kasanu, osatheka. A Harjiman anadzuka pampando.

"Mwana wanga, mawu ako ndi okoma, koma akundikakamira pakhosi. Ine ndafa pabwalo la zisudzo kopitirira kakhumi, ndipo ndatseka maso a abale anga anayi. Munthu yemwe mpweya ukumuthera alibe nthawi yoyamikira denga."

"Pepani bambo, izi zinachitikadi," anatero Gentur. "Jo analipo."

Amayi anali pakhomo ndi nthochi zokazinga. "Analipo? Ine sindinamuone."

Anthu onse khumi ndi awiri pakhonde paja anatembenukira kwa ine.

Achemwali, sindinalipo. Tsikulo ndinali ku Sleman, ndikuthandiza kujambula kanema wotsatsa sopo, foni nditazimitsa kuti isasokoneze mawu. Abambo anagwa kuseri, pafupi ndi chitsime. A Wagimin oyandikana nafe anawanyamula pagalimoto yawo ya masamba, kuwagoneka pa matumba a kabichi, mutu uli pamiyendo ya Amayi. Anatsirizikira panjira, chipatala chikuonekera patsogolo. Ine ndinayatsa foni patapita maola atatu. Ndinapeza kuti Amayi anaimba kakhumi ndi kamodzi.

Titachoka kumanda munaimba mukulira, nkundifunsa kuti, "Anavutika? Unalipo?" Ndinayang'ana khonde lija, mpando uja, ndipo sukulu yanga inagwira ntchito: malo amodzi, anthu awiri, galimoto palibe. Ndinkadziuza kuti ndikukutonthozani. Tsopano ndikuona kuti m'nkhani imeneyo munthu yemwe anatuluka wabwino kwambiri ndine.

Amayi ankadziwa zomwe ndinakuuzani, koma anakhala chete. Akuti ankafuna kuti mwana wawo ali kutaliyo azipeza tulo. Zinasintha mwezi watha, mutatumiza uthenga woti mawu aja asindikizidwe pansi pa chithunzi cha Abambo, pa timabuku ta mapemphero tomwe tidzagawire alendo pa mwambo wokumbukira masiku chikwi chitisiyireni.

Gulu litabalalika tsiku lija, anandikhazika kukhitchini.

"Filimu yako unamize nayo anthu a m'tauni, amalipira kuti anamizidwe. Koma sindingagawe bodza lako m'kabuku kamodzi ndi mawu a Mulungu. Umuuza iwe, kapena ndimuuze ine?"

"Ndiwauza, Amayi."

"Ndipo zaka zonsezi sunandifunsepo zomwe bambo ako ananenadi."

Zoona, sindinafunsepo. Ndinkaopa.

Akuti pagalimoto paja Abambo anafunsa za ine kawiri, Amayi nkuwayankha kuti ndili m'njira. Kenako Amayi anatulutsa foni kuti akuimbireni inu. Abambo anakweza mkono, kuyang'ana wotchi, nkuti, "Usamuimbire tsopano. Ino ndi nthawi yomwe amasambitsa nkhalamba ija. Angamukalipire."

Sanalankhulenso.

Wotchi ija sinali yowonongeka, achemwali. Kumeneko mumatsogola ndi ola limodzi. Anaisintha tsiku lomwe munakwera ndege, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri tinkawaseka kuti ndi ouma manja. Ine wa digiri, woti ndinaphunzitsidwa kuona tinthu ting'onoting'ono, sindinazindikire.

Filimu tinaimaliza. Gentur anakanitsitsa galimoto, choncho ndinalembanso mapeto: mayi akufotokoza zonse pakhonde, mpando uli wopanda munthu. A Harjiman anadandaula kuti ndawalanda imfa yawo yabwino, koma potsanzika anandigwira phewa nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati filimuyo ili bwino. Sindinathe kuionera mpaka kumapeto.

Wosindikiza mabuku akudikira yankho pofika pa 30 mwezi uno. Chithunzi tasankha chija avala chipewa chakuda. Pansi pake ndamuuza asiye malo. Mukafuna mawu enieniwo, tilemba. Mukafuna pakhale popanda kanthu, pakhala choncho. Anga aja okha ndiye ayi, ngakhale ndikudziwa kuti mwakhala mukuwanena mumtima usiku uliwonse, ndipo ndikukulandani kachiwiri. Mukafuna kundikalipira imbani, foni yanga masiku ano sizima. Mukasankha kusandilankhula, Amayi okha musawamane mawu anu Lamlungu.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda mukamatuluka ndi nkhalamba yanuyo. A Wagimin akupereka moni. Dzulo ndi pomwe ndinapita kukawathokoza, ndipo anandipatsa kabichi awiri, tonse osayang'anana kumaso. Denga lanu silikudonthadi, zimenezo zokha sindinaname.

Wotchi ili pamkono panga. Ikuti kumeneko ndi 4 koloko, ndiye ndisakuchedwetseni, madzi osambitsira nkhalamba angazizire.

Ndine mlongo wanu,
Prasojo