Thunthu la Nthochi la a Dunstan

Kasarani, Nairobi
17 Julaye, 2025

Okondedwa achimwene a Fumbani,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, ngati kudzuka n'kumwa tiyi ndiko kukhalapo. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa, ndipo iyi muimve yonse musanakalipe.

Auzeni adzukulu asiye kudikira kumanda. Mtembo wa alamu anu a Dunstan subwera ku Ntcheu. Zija ndinati mapepala akuchedwa kubwalo la ndege ndinanama. Ndege inanyamuka nawo kalekale, koma yopita ku Ulaya.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, bambowa anabwera kuchokera ku ofesi ndi mapepala a kampani ina yosunga anthu akufa m'thanki yozizira koopsa, kudikira kuti madokotala a m'tsogolo adzawadzutse. Malipiro ake ndi inshuwalansi ya moyo. Ukafa, ndalama sizipita kwa mkazi koma kwa kampaniyo, iyo n'kuziika m'mabizinesi kuti phindu lizilipira chisanucho zaka mazanamazana. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Munthu amene Julaye wa Nairobi ankamuveka majuzi awiri ndi chipewa, eti akagone mu ayezi!

Ndinati, "Abambo, nanga mukadzadzuka mudzapeza ndani? Ine nditasanduka dothi."

"Ndidzakufunafuna, Deliwe. Sayina apa."

Ndinasayina, achimwene, ine wa digiri yanga, osawerenga, nyemba zili pamoto. Ndinkayesa misala ya anthu ophunzira, yofanana ndi njinga yolimbitsira thupi imene pano timayanikapo matawulo.

Koma misala iyi sanaisiye. Mwezi ndi mwezi ankalipira, ngakhale chaka chimene tinalephera kumaliza denga la nyumba yathu ku Kitengela. Chiwindi chitavuta, anthu a kampaniyo anafika kuchipatala n'kukhala pakhonde masiku atatu, aulemu ngati atsogoleri a kwaya. Dokotala atangoti apita, sindinapatsidwe ndi mpata wowatseka maso. Amalawi anzathu akuno anabwera ndi nyimbo zawo, n'kupeza woimbiridwa palibe. Aneba amangondipepesa m'Chiswahili kuti "pole, mama," ine osadziwa ngati ndivomere.

Chikundiluma si ndalama ayi. Sabata yawo yomaliza a Dunstan anandifunsa, "Kodi amayi anga unawauza za thanki ija?" Ntchitoyi anandipatsa kale, poti iwo ankawaopa. Ndinati inde.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka."

Anamwetulira n'kutembenukira kukhoma, mtima uli m'malo. Sindinawauzepo, achimwene. Ndinkati adzasintha maganizo, ndipo pansi pa mtima ndinkafuna adzagone pafupi ndi pamene ndidzagone ine.

Tsono mundipitireko kwa apongozi anga. Musawanyengerere ndi nkhani ya kudzuka, m'Baibulo lawo muli kale tsiku lake. Mungoti mwana wawo anasankha yekha, ndipo wowabisira ndi ine. Dzenje lakumbidwa kale, silingatsale lopanda kanthu, mwambo mukuudziwa. Dulani thunthu la nthochi muike m'malo mwawo. Musankhe lalitali, paja ankanyadira msinkhu.

A Upile, amene abweretse kalatayi, atenganso juzi yobiriwira ija yong'ambika pachigongono. Mulifunditse thunthulo musanakwirire. Kumene ali eni akewo sandilola kuwafunditsa.

Moni kwa alamu ndi ana. Moni kwa adzukulu, mundipepesere pa thukuta lawo. Moni kwa apongozi, ngati angaulandire.

Ine mlongo wanu, wosadziwa ngati ndine wamasiye kapena wodikira,

Deliwe