Chambiko cha m'Chipanda Chanu

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Mlolo mvula inakata msanga, komabe mtedza tapatako. Mng'ono wanga Tisa wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Sindinapite kukamuona, njinga ikundilemera masiku ano.

Ndinayamba kudwala mutangotisiya. Tulo tosatha, kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, mawu kusasa mpaka kwaya ndinaisiya. Kenaka mimba inafufuma, kuchimbudzi osapita masiku angapo. Paja amuna anga, bambo a Dalitso, ku Kitwe kuja sanabwereko, ndiye anthu anangomaliza okha nkhani. Kuchigwirizano azimayi ankayamba ayang'ana pamimba, moni pambuyo. Apongozi anafika, mpando anaukana, anangoti, "Mwana wanga akamva, mukayankha nokha." Atachoka ndinatembenuka kuti ndikuitaneni, amayi. Pakhonde panali nkhuku basi.

Ku Chipata ananditenga magazi. Adokotala anati thupi langa likulimbana ndi chithokomiro changa chomwe, kachiwalo ka pakhosipa, ndipo chikafooka matumbo nawonso amachita ulesi. Anandipatsa mapiritsi a moyo wonse, omwa m'mawa ndisanalawe kanthu. Anesi anatchula makapisozi okhala ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, koma kwathu kuno sapezeka. Ndiye anati, "Yesani mkaka wosasa. Muziyamba mwauwiritsa, ndipo muzimwa masana, usakumane ndi piritsi. Khosilo suchiza, koma mimba mwina ipepukako."

Ndinaseka ndekha mu minibasi. Chambiko, amayi! Chomwe chija ndinkachithawa, inu n'kumati, "Tseka mphuno umwe, udzandithokoza."

Chipanda chanu ndinachipeza kudenga, akangaude atamangamo. Mkaka amandigawira a Tembo a kuseri kwa dambo. Woyamba unaola, ndinataya. Wachiwiri unagwirako, koma sufika pa wanu. Kodi munkachiika kukhitchini kapena kuchipinda? Nanga pothiramo mkaka wina, munkasiyamo kotsalira? Ndinkakhala pambali panu nthawi zonse, koma ndinkaona ngati ndidzafunsa mawa.

Mimba yaphwako ndithu, kaya ndi chambiko kaya ndi mapiritsi. Miyezi yadutsa, mwana sanabadwe, miseche yazilala yokha. Woti n'kubwera kudzanena pepa sindinamuone. Bambo a Dalitso akaimba foni amafunsa za chimanga ndi sukulu ya mwana. Sindikudziwa ngati anamva, ndipo ndimaopa kufunsa. Dalitso akagona, nyumba imakula.

Musade nkhawa, mapiritsi sindiphonya. Tikatha kukolola ndibwera kudzalambula pamene mwagonapo, ndikulonjeza. Ndidzalawira m'mawa ndipo ndidzakhalitsa. Nkhani zatsala zambiri, ndipo kunyumba kulibe wondifunsa kuti ndachedwa kuti.

Ndimakukondani, amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati