Kachidutswa Kamene Ndinaponya Pamoto

Okondedwa Asisi,

Monile ku Joni uko. Kuno tili bwino, amama chifuwa chija chinaleka.

Koma ine ndili m'madzi. Buledi woluka uja munandiphunzitsa pa Khisimisi, wa mabwana anu Achiyuda, anayenda malonda pamsika wa pa boma. Ndinkatsata zonse monga munkachitila, ngakhale kutapa kachidutswa ka ufa wokanda n'kukaponya pamoto ndisanaphike. Lachisanu amake Tiyezye, amene amagulitsa mabanzi pafupi nane, anandipezelela kunyumba ndikuchita zimenezo. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kameneko mukudyetsa ndani?" Ine tanthauzo lake sindilidziwa, poti inunso simunandiuze.

Tsopano mbili ili ponseponse yakuti ndinakhwimila malonda. Dzulo ndinabwelela ndi dengu lodzaza, ndipo akulu a mpingo andiitana Lamulungu likubwelali.

Chonde afunseni amayi a m'nyumba ya mabwana anuwo tanthauzo la kachidutswako, muyankhe msanga. Ngati ndi pemphelo, ndikaima nalo pamaso pa akuluwo osaopa. Ngati ndi zina, mundiuze zoona, Asisi, chifukwa buledi ameneyo ana anga omwe akhala akudya.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tamala