Zilo pa Vavu ya Consolata

Luisa 06:48
kalisto pampu ikuthila kwa consolata futi. dimba lake lili tho, tomato wathu wafota

Luisa 06:49
komiti ya madimba inati vavu yake ya madzi itsekedwe popeza anakolola anyezi. bokosi lotsekela mavavu unapanga ndiwe. nanga?

Kalisto 07:31
morning Lu wanga. ndinatseka dzulo, mulungu mboni

Luisa 07:32
unatseka bwnj madzi akuyenda? komanso wawokela tomato watsopano. anamuuza ndani kt madzi adzakhalapo?

Kalisto 07:40
🎤 0:26 "Mvela Lu. M'bokosi muli kachip kowelenga nthawi, ma counter atatu, dimba lililonse yake. Ndimayamba ndi control word, kenako ndilemba nambala mu register. Kamawelenga chotsika, kakafika zilo vavu itseka. Kwa Consolata ndinalemba zilo. Zilo ndi zilo, iwe."

Luisa 07:41
ndiye kachip kamukonda kokha eti 🙂

Kalisto 07:43
osayamba. mwina waya

Luisa 07:44
loweluka abale ako akubwela kwa amalume kudzandifunsila. sindifuna kugwada pamaso pao ndili ndi funso mumtima

Luisa 10:15
uliko?

Luisa waonjezela Webster

Luisa 12:02
achimwene, munaphunzila limodzi zamagetsi ndi uyu. mvelani voice ili pamwamba

Webster 12:20
ndili pa basi ya ku nyimba, network ikuvuta

Webster 12:34
ndamvela. alamu bwnj kodi 😂

Webster 12:36
mlongo, pa chip imeneyo zilo siitseka. kamayamba kachotsa imodzi kenako nkuyang'ana ngati kafika. ukakapatsa zilo kamagwela ku nambala yaikulu kwambili nkuyamba kutsika kuchokela kumeneko. vavu ikhala yotseguka tsiku lonse

Luisa 12:37
ndiye analakwitsa chabe?

Webster 12:38
akanalemba 1 ikanatseka pompo. ambili zimawagwila

Luisa 12:38
zikomo ambuye. kalisto pepa, ndakuganizila zoipa

Webster 12:41
koma alamu inu mwandidabwitsa mwe. si ndinu munandiphunzitsa zimenezi? belu ya practical yanga italila osaleka chifukwa ndinalemba zilo munandiseka term yonse, mpaka dzina munandipatsa, a zilo

Webster wafufuta uthenga

Luisa 12:42
ndawelenga kale

Webster 12:43
network mlongo. tilankhulana

Luisa 12:50
kalisto

Luisa 13:27
ma tick ali blue, ndikuona

Luisa 14:05
sindikufunsa za register. unadziwa kapena sunadziwe?

📞 Kalisto anaimba, sanayankhidwe 14:06

Luisa 14:07
lemba. mau ako ndimawadziwa, amandinyengelela

Kalisto 15:52
ndapita ku bokosi ndalembamo 1. yatseka. madzi akubwela kwanu manje

Luisa 15:53
sindinafunse zimenezo

Kalisto 16:30
anali wanthete tomato wake Lu. ndikanatseka akanafa

Luisa watuluka